Tameriki pa Bondo la a Mateyo

Bondo la a Mateyo linatupa njinga yawo ya kabaza itawagwetsera paminga pafupi ndi Kamwendo. Ankatsimphina, koma za chipatala sankafuna kuzimva.

Mwana wawo Stelia, wa Fomu 2, ndiye anawalimbitsa mutu. Aphunzitsi a sayansi anali atanena kuti mu tameriki, muzu wachikasu wofanana ndi jinja, muli mankhwala achilengedwe otchedwa kekumini, amene amachepetsa kutupa m'thupi. Belu linalira aphunzitsiwo asanamalize, koma kwa Stelia zimene anamvazo zinali zokwanira.

"Ku Boma mukatani, bambo? Ndikuchiritsani ine pompano," iye anatero.

Anagula mizuyo pamsika n'kuisinja mumtondo. Ina ankawathirira mu tiyi, ina ankawapatsa kuti azidzipaka okha pabondo. A Mateyo ankamwa atakwinya nkhope, kenako n'kumanyadira kwa anzawo a kabaza kuti kwawo kuli dokotala wovala yunifomu ya sukulu.

Sabata inatha. Bondo linangokulirakulira, likutentha. Loweruka kunabwera mlongo wawo, a Consolata, kuchokera ku Kachebere. Atapatsana moni wa m'manja, a Consolata sanalisiye dzanjalo.

"Achimwene, zikhatho zachikasu, milomo yachikasu. Chiwindi chimenechi. Nyamukani."

Stelia anayesa kufotokoza, koma azakhali akewo anamudula kuti matenda a akuluakulu si a ana asukulu. Atatu onse anakwera minibasi ya ku Boma.

Dokotala anayang'ana m'maso mwa a Mateyo, napeza muli mbee. Ananyowetsa thonje ndi sipiriti n'kupukuta chikhatho. Thonje linasanduka lachikasu, chikhatho chinayera. Anafunsa kuti ndani akuthira zokometsera pa munthu wamoyo. Stelia anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. Onse anaseka, ngakhale a Consolata amene anabwera akulira njira yonse.

Dokotala atagwira bondo, kuseka kunatha. Anang'amba pang'ono, munatuluka mafinya, kenako munga wautali ngati mtengo wa machesi. Ananena kuti akanachedwanso, mwendowo ukanauma, njinga n'kuiiwala.

"Aphunzitsi ako sananame," anauza Stelia. "Kekumini angathandizeko pang'ono pa kutupa, makamaka ukamadyera tameriki m'ndiwo za mafuta. Koma munga sazula."

Anabwerera kunyumba. Atafika, Stelia anatenga tameriki wotsala kuti akataye kudzala, koma bambo ake anamuletsa, nati akomera mu nyemba. Anakomadi.

Lachitatu linali tsiku lokasinthitsa bandeji kuchipatala chaching'ono chapafupi. A Mateyo anakhala pakhonde n'kuyamba kunena kuti bondo lapepuka, ulendowo ungodikira kaye. Atatukula maso anaona Stelia atatulutsa kale njinga, atapopa matayala, atamanga chitenje m'chiuno.

"Kwerani kumbuyoko, bambo. Ndipalasa ine."