Ambulansi Wasiya Kudzutsa

Anakumana pa siteji ya basi Loweruka lina mu Malichi, mvula ikuwaza. Mtsikanayo, yemwe ankagwira ntchito pa shopu yosindikiza mapepala, anali atawerama pa foni akusewera gemu ya nkhondo. Pambali pake panaima kalipentala, utuchi uli mbuu m'tsitsi, akusuzumira.

"Pepani achemwali, kumanzere kwanuko kuli mdani."

Mtsikana anadzidzimuka n'kuponya bomba. Linagwera pamapazi pake pomwe.

"Mwandiphetsa," anatero osatukula mutu.

"Mwadzipha nokha. Ine ndangokhala mboni."

Basi isanafike, mnyamatayo anali atamulowetsa m'gulu la Mavu, anthu omwe ankasewera limodzi pa foni akaweruka kuntchito. Mavu anali ndi chinenero chawochawo. Wosadziwa kusewera anali mbatata. Ukawomberedwa n'kugwa ankati wagona, ndipo mnzako akathamanga kudzakupulumutsa ankati wakudzutsa. Wotola zida za mnzake wogona m'malo momudzutsa anali khwangwala. Dzina sunkadzipatsa wekha, ankakupatsa ndi anzako. Lamulo lalikulu linali limodzi: ukasowa mwezi wathunthu, dzina lako lipita kwa wina.

Kalipentalayo ankatchedwa Ambulansi, poti sankasiya mnzake atagona. Iyeyo ndiye anatcha mtsikanayo Kabomba.

Pofika mu Epulo, mauthenga anali atasiya kukamba za gemu.

"Kabomba kanga, wadya?"

"Ndadya. Nanga iwe?"

"Ndikudya utuchi kuno. Koma ndikaganiza za iwe, ukukoma."

Ambulansi anamukhomera kampando koti azikhalira pa shopu paja. Gemu ikamayamba, ankamuzungulira kawiri asanathamange, moni wa awiriwo basi. Tsiku lina analemba kuti: "Ukagona paliponse, ngakhale pakati pa moto, ndidzabwera kudzakudzutsa. Limenelo ndi lonjezo."

Zinasintha mu Juni. Ambulansi anasiya kudutsa pa shopu. Foni sankayankha. Uthenga unkabwera wa liwu limodzi: "Ndatanganidwa." Komabe madzulo aliwonse dzina lake linkaoneka mu gemu, maiki yokha ndiyo inali yotseka.

Kabomba ankakhala pa kampando kaja, makina osindikiza akulira, maso ali kumsewu. Basi iliyonse ikaima, ankayang'ana otsika mmodzimmodzi. Ankawerenganso mauthenga a mu Epulo mpaka kuwaloweza. Analakwa chiyani? Munthu angapeze bwanji nthawi yosewera koma n'kusowa nthawi yonena kuti wadzuka bwanji?

Lachinayi lina Kabomba anagona pafupi ndi mlatho wa mu gemumo. Anaona Ambulansi akuthamanga kubwera, mtima wake n'kukhala pansi. Ambulansi anafika, anatola mfuti ya Kabomba, n'kupitirira.

Mtsogoleri wawo, Achimwene Netiweki, omwe akagonja sankavomera kuti vuto ndi iwo, anakhosomola.

"Mwina ndi netiweki, chemwali."

"Netiweki imatola mfuti, achimwene?"

Analira tsiku limenelo. Koma mawa lake anasewera akuyang'anitsitsa. Gemu itayamba, palibe anamuzungulira. Ambulansi wakale ankalowa m'nyumba podzera pawindo. Uyu ankangogwetsa chitseko. Wakale ankanyamula mankhwala ochuluka. Uyu ankadzaza zipolopolo. Kabomba anaika foni pansi. Wosewerayo sanali Ambulansi.

Loweruka masana anakwera basi kupita ku shedi ya akalipentala. Pakhomo anapeza bambo wonenepa, mlamu wake wa Ambulansi, mwini shediyo, atakhalira thabwa, ali kalikiliki ndi foni imene Kabomba ankaidziwa bwino.

"Ndinu khwangwala uja?"

Bamboyo anaseka mwamanyazi n'kuloza mkati ndi chibwano.

Ambulansi anakhala kumapeto kwa shedi, akusankha misomali ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali lokulungidwa bandeji, ndipo pamalo pa chala chachikulu panalibe kanthu.

"Makina ochekera," anatero asanafunsidwe. "Sabata yoyamba ya Juni."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanati chiyani? Ambulansi wopanda chala angadzutse ndani? Ndikanasowa mwezi, dzina likanapita. Ndiye ndinapempha alamuwa kuti azingolowa." Anayang'ana pansi. "Iwe unakonda Ambulansi, Kabomba. Ndinkaopa kuti likapita dzinalo, nawenso upita."

"Ndiye unaona kuti ndi bwino undisiye ndi khwangwala?"

"Mundikhululukire mlamu," anatero bambo uja ali pakhomo. "Mfuti yanu ija inali yabwino kwambiri."

Kabomba sanaseke.

"Ndinkayang'ana basi iliyonse. Ndinkaganiza kuti wapeza wina. Unalonjeza kuti ndikagona udzabwera. Iwe utagona, bwanji sunandiitane?"

Ambulansi anaweramitsa mutu. Misozi inagwera m'chitini cha misomali.

Kabomba anapita pakhomo, analanda foni ija m'manja mwa alamu, n'kudzakhala pa benchi moyandikana ndi Ambulansi, phewa kukhudza phewa.

"Gwira mbali iyi. Chala chothamangira ndi chakumanzere, chilipo. Thamanga iwe. Kuwombera ndi kudzutsa undisiyire."

"Tikhala mbatata."

"Tikhala mbatata limodzi."

Analowa mu gemu, mitu itagundana pa foni imodzi. Anagunda makoma, anagwera m'dzenje, Kabomba anatsala pang'ono kudziponyeranso bomba. Posakhalitsa anamva mawu odziwika akudandaula kuti agona kuseri kwa galimoto, ndipo vuto ndi netiweki.

Ambulansi anayang'ana Kabomba. Kabomba anatsegula maiki.

"Khalani pomwepo achimwene," anatero Ambulansi. "Tikubwera."

Achimwene Netiweki anadabwa.

"Mukubwera? Kodi muli angati kumeneko?"

"Awiri," anayankha Kabomba. Ndipo Ambulansi anayamba kuthamanga.