Wowotcherera Amene Anakana Mpeni

Mwamuna wina ankawotcherera mageti pa shedi ya mkulu wake, koma nsapato zake zinali zoseka kutsogolo. Tsiku lina mkuluyo anamuchotsa ntchito makasitomala akuona, n'kumuponyera magalasi ake owotcherera m'matope.

"Mudzandigwadira, achimwene," anatero akuwatola.

Anapita kwa sing'anga wina wokhala kuseri kwa msika.

"Ukufuna chuma, kapena ukufuna m'bale wako alire?" anafunsa sing'angayo.

"Zonse, bambo."

Sing'anga anamupatsa kamkanda kakuda. "Meza. Kazidya nawe. Koma mpeni usadzakhudze mimba yako. Akadzangokung'amba, chuma chonse chidzapita kwa amene ukumudayo."

Chaka chisanathe, makasitomala onse anakhamukira kwa iye. Anagula shedi ya mkulu wake, n'kumulemba ntchito yosesa zidutswa za zitsulo. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo, manja ali m'thumba, kumuonerera akuwerama.

Kenako anayamba kuona magazi akapita kuchimbudzi. Lamba anamuboola kawiri kuti buluku lisagwe. Dokotala atamuyeza anati, "Ndi khansa ya m'matumbo. Tikachita opaleshoni msanga, mutha kuchira."

Mkazi wake anamugwira miyendo. "Bambo a ana, vomerani."

"Kuti achimwene andiseke? Bola maliro."

Patapita miyezi, mawu anasasa, mpweya unayamba kuperewera. Dokotala anayang'ana chithunzi cha chifuwa chake nthawi yaitali.

"Nthendayi imakonda kufika kuchiwindi. Yanuyi yalumpha, yakatupitsa mwanabele mkati mwa chifuwa, pafupi ndi njira ya mpweya. Sitiziona kawirikawiri zoterezi. Mpeni wachedwa, bambo."

Anabwerera kwa sing'anga akupumira m'njira.

"Kachotseni! Tengani galimoto, tengani nyumba!"

Sing'anga sanadzuke n'komwe pampando. "M'mimba katha kudya. Tsopano kakwera kumene unasunga chidani chija. Kumeneko ndiye kuli konona."

Masiku otsiriza sankatha kugona chagada. Mkulu wake uja ndiye ankamuchirikiza msana ndi kumupukuta thukuta. Iye ankamukankha ndi chigongono, koma mphamvu zinali zitatha. Anamwalira ali chikhalire, kukamwa kuli yasa, atatsamira pachifuwa cha munthu amene ankafuna kumuliza.

Chuma chofuna ndi dyera ndi mtima wobwezera sichidya mdani wako, chimadya iwe mwini. Ndipo dokotala akati nthawi ikadalipo, usasankhe chuma kusiya moyo.