Mafunso a Wamagetsi

Anakumana tsiku lomwe soketi ya m'kachipinda ka kuseri kwa saluni inapsa. Madamu, eni ake saluniyo, anaitana wamagetsi, ndipo panatulukira mnyamata wamtali, atasomeka kachitsulo komasulira kukhutu ngati cholembera.

M'kachipindamo ndi momwe Kashuga ankagwira ntchito. Dzinali anamupatsa ndi anzake oluka tsitsi, poti m'mawa uliwonse ankaphika shuga, madzi ndi mandimu mpaka zisanduke phala lomata, lofiirira ngati uchi.

Wamagetsi ananunkhiza, n'kusuzumira mumphika. Kashuga asanatsegule n'komwe pakamwa, munthu wamkulu ndithu anali atapisa kale chala n'kunyambita.

"Maswiti amenewa mumagulitsa bwanji, achemwali?"

"Si odya amenewo!"

"Nanga ndi a chiyani?"

Kashuga anazengereza. Mnyamata womaliza amene anamuuza za ntchito yake anaseka mpaka kugwira khoma, mawa lake foni inangoti zii. Kuyambira pamenepo, aliyense womufunsa ankamuyankha kuti amapenta zikhadabo. Koma lero chala chija chinali chitamukwiyitsa.

"Timazulira ubweya. M'khwapa, m'miyendo, ndi m'mphechepeche mwa azimayi. Mwakhuta?"

Anadikira kuti aseke. Wamagetsi anangoyang'ana chala chake, kenako mphika, kenako Kashuga.

"Shuga weniweniyu? Amazula bwanji? Tandifotokozerani."

Soketi yongofunika kusintha kawaya kamodzi inatha masana. Mwamunayo anali ndi mafunso ngati mwana wa sukulu. Phalalo silimawotcha? Ayi, limapakidwa likangofunda. Ubweya umafunika utalike bwanji? Ngati kambewu ka mpunga, ukapitirira umayamba wadulako ndi sizasi. Sizipweteka? Zimapweteka pang'ono, koma ukakoka khungu ndi dzanja lina, n'kuzula motsatira komwe ubweya walowera, munthu amangoti "ii!" kamodzi, basi zatha.

"Ntchito imeneyi ndi ya mutu," anatero Wamagetsi. "Anthu sadziwa."

Ndani anamuuzapo Kashuga mawu otere? Ngakhale mayi ake ankangouza anzawo kuti mwana wawo ali ku saluni, osapitirira apo. Madzulo ake uthenga unalowa pafoni: "Soketi ndakonza, koma mwandidulira waya wa mumtima. Ndibwere liti?"

Kashuga anaseka yekha mumsewu ngati wosokonezeka. Mawuwo anali opusa, ankadziwa, koma anawawerenga mpaka kukafika kunyumba.

Kuyambira pamenepo saluni ija inayamba kuvuta magetsi modabwitsa. Lero babu, mawa chowumitsira tsitsi, mkuja palibe chilichonse koma wangobwera "kudzaona ngati mawaya ali bwino". Oluka tsitsi ankagwedezana ndi zigongono.

"Alamu afika! Kashuga, zimitsa moto, phala lingapserere!"

Wamagetsi ankamutcha "Kashuga wanga", nthawi zina "mtima wanga", ndipo malonjezo ankatuluka osawafunafuna. "Chaka chino chisanathe, ndidzakhala nditagwada pamaso pa mayi ako." "Ndidzakumangira saluni yakoyako, soketi pakhoma lililonse." Kashuga ankamukonda, ndipo chomwe ankafuna chinali chimodzi: tsiku lomutengera kwa mayi ake lifike.

Tsiku lina akumuperekeza kokwerera basi, Wamagetsi anakanda m'mutu.

"Ndili ndi funso lochititsa manyazi. Mchemwali wanga wayamba kuphunzira kusambira. Akameta kumusiku amatuluka tiziphuphu toyabwa, mpaka akuopa kuvala chosambirira. Ndimuuze chiyani?"

"Mchemwali wako amakuuza zimenezo?"

"Amadziwa kuti ndili ndi dokotala wanga."

Kashuga anasungunuka. Mwamuna wodera nkhawa mlongo wake chonchi, mkazi wake adzamusunga bwanji? Anamuyalira zonse. Ayambe wasamba madzi ofunda kuti ubweya ufewe. Asamete pouma, apake thovu la sopo wosanunkhira. Lezala likhale latsopano, osati lija logona kubafa mpaka dzimbiri. Akatha atsuke ndi madzi ozizira, avale kabudula wamkati wathonje wosathina, ndipo mafuta onunkhira asafike pamenepo.

"Chachikulu ndi ichi," anamaliza akumuloza ndi chala. "Lezala lizitsatira ubweya, lisamakangane nawo."

"Lisamakangane nawo," anabwereza Wamagetsi akuseka. "Iwe ndiwe wanga basi."

"Ungomubweretsa, ndidzamuzula ndi shuga. Ndimuonenso mlamu wangayo."

"Ndi wamanyazi kwambiri. Udzamuona nthawi ikakwana."

Nthawiyo sinkakwana. Mchemwali uja mwina wadwala mutu, mwina wapita kumaliro. Kashuga ankafunitsitsa kudziwa: ndi wamtali ngati mchimwene wake? Adzamukonda? Koma sanafune kuoneka wokakamira.

Loweruka lina Madamu anakankha katani.

"Kasitomala watsopano. Akuti akufuna iweyo."

Analowa mayi wachitsikana wa maso ofatsa, mphete pachala, chikwama cha zosambirira paphewa. Anayang'ana khoma, bedi, mphika, ngati munthu woyendera nyumba yoti achite lendi.

"Ndiye ndi pano," anatero.

"Takulandirani, mayi. Vulani mugone apa, dzifunditseni tawuloyi."

Kashuga anavala magolovesi, n'kuwaza pawudala pang'ono. Anadabwa. Anthu ambiri obwera koyamba amafika khungu litatupa, lili mabala okhaokha, koma uyu linali losalala, ubweya utadulidwa bwinobwino pa msinkhu wake.

"Munayamba mwazulitsapo kwina?"

"Ayi, n'koyamba. Ndimangometa. Kale ndinkavutika ndi tiziphuphu, moti kudziwe ndinkakhala pamphepete nditadzikulunga, mwana wanga akusambira yekha. Anandithandiza ndi bambo akunyumba."

"Amuna anu? Muli ndi mwayi."

"Ndiwauze zimenezo!" anaseka mayiyo. "Munthu wogwira mawaya tsiku lonse, koma anangobwera tsiku lina ali katswiri. Madzi ofunda, lezala latsopano, kabudula wathonje. Amvekere, 'Amayi a mwana, lezala lizitsatira ubweya, lisamakangane nawo.'"

Phala linaima m'manja mwa Kashuga.

"Mwati... amagwira mawaya?"

"Ndi wamagetsi. Anakukonzerani soketi muno, si choncho? Nditawauza kuti ndikufuna kuyesa za shugazi, anandiletsa mpaka kukweza mawu. Akuti ndipite kulikonse koma osati pano, ati mtsikana wa pano ndi wa manja olemera komanso wamiseche. Ine n'kumadzifunsa kuti manja a mtsikanayo iwo awadziwa bwanji? Ndiye ndabwera ndidzaone ndekha."

Wamiseche! Wa manja olemera! Ndi pakamwa pomwe paja pankatuluka "mtima wanga"?

Mayiyo anali chigonere, maso kudenga, atadzipereka yense m'manja mwake. Kashuga ankadziwa bwino kuti kungozula mokhotetsa dzanja, ubweya uduka pakati, ndipo munthuyu ayenda chotang'adza sabata yonse. Ganizolo linamufikira, sangakane. Koma mayiyu analakwa chiyani?

Anakoka khungu, n'kupaka, n'kuzula motsatira. Anatero mpaka kumaliza, misozi ikudontha pa yunifolomu. Kenako anaika kansalu kozizira.

"Lero musasambe madzi otentha. Kudziwe mudikire kaye khungu lipume, ndipo musakande ngakhale payabwe."

"Komatu manja anu ndi opepuka, sindinamve n'komwe." Mayiyo anadzutsa mutu. "Mukulira?"

"Valani kaye, mayi. Nkhani yake si yomvera muli chogona."

Mayiyo atavala, Kashuga anavula magolovesi, n'kuimba foni kwa Wamagetsi, n'kuikweza mawu. Inangoitana kamodzi.

"Mtima wanga! Ndimakuganiza pompano. Madzulo ano ndikudzakutenga, wamva?"

Mayi uja anakhala pansi pang'onopang'ono, m'mphepete mwa bedi. Anayandikitsa pakamwa pake pa foniyo.

"Bambo a mwana, mukadzamutenga mudzanditengenso ine. Ndili pompano."

Kunamveka kupuma, kenako foni inaduka.

Kunja kwa katani chowumitsira tsitsi chinkalira, oluka akuseka nkhani zawo. Mkatimo azimayi awiri anakhala moyandikana, aliyense akuyang'ana mapazi ake.

"Anandiuza kuti ndinu mchemwali wawo," anatero Kashuga. "Ndikulumbira, sindinkadziwa."

"Ndakukhulupirirani." Mayiyo anatembenuza mphete yake pachala. "Chikundiwawa n'chakuti ndinkanyada. Ndinkauza anzanga kuti amuna anga anapita kukafunsa zinthu zochititsa manyazi chifukwa chondikonda ine."

Kashuga anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Inenso, mayi. Ndinkayesa amafunsa chifukwa cha ine."