Zoyera za M'ketulo ya Amake Twaambo

Ketulo itabwerako kwa Ba Clotilda, amayi ake a Twaambo, Ba Rosaria, anasuzumira m'kati, nkhope n'kusintha. Pansi pake panali poyera ndi pokhakhala, ngati wina wamatapo phulusa.

"Ichi nichani?" anatero Ba Rosaria, akukanda ndi chikhadabo. "Nabwereketsa ketulo yabwinobwino, yabwera na mankhwala. Twaambo, usakapondenso pakhomo paja. Na Purity usayende naye."

Ba Clotilda ankakhala kuseri kwa munda wa chimanga ku Kanakantapa, ndipo anasunga ketuloyo milungu itatu chifukwa cha alendo a ukwati. Mwana wawo Purity anali mnzake wa Twaambo kuyambira ali aang'ono. Ba Rosaria anafikitsa nkhani ya mankhwala kwa azimayi a kwaya, ndipo Lamulungu Ba Clotilda anakhala okha pabenchi. Mlungu wonsewo Twaambo ankapalasa njinga yekha popita kusukulu, Purity akutsatira patali.

Lachinayi masana kunatentha. Ba Mwaanga, aphunzitsi a sayansi, ankathira mchere m'tambula ya madzi, supuni ndi supuni, akutakasa. Kenako mcherewo unaleka kusungunuka, n'kudikha pansi.

"Madzi akhuta," anatero. "Koma musaganize kuti zonse zaima. Tizidutswa tina tichoka pansi kulowa m'madzi, tina tibwerera pansi. Tochoka na tobwerera tili tofanana, ndiye maso aona ngati palibe chichitika."

Twaambo anagoneka chibwano padesiki. Dzuwa linkalowa pawindo n'kuwalira m'tambulamo. M'maganizo mwake iye anachepa, anachepa, mpaka analowa m'madzimo. Munali mozizira ndi mwachete. Tizidutswa toyera tinkanyamuka pang'onopang'ono kumudutsa, tina tikutsika ngati masamba a mopani opanda mphepo. Anatambasula dzanja kuti agwire kamodzi, koma kanamuzemba n'kukwera kumene kunali kuwala. Mawu a aphunzitsi ankamveka kutali, ngati munthu woitana kutsidya kwa dambo.

Ndiye anamva liwu loti ketulo. Anadzuka.

"Madzi a pamjigo adutsa m'miyala ya laimu pansi pa nthaka, n'kutengako pang'ono," Ba Mwaanga ankafotokoza. "Aoneka oyera, koma mwala ulimo. Mukawiritsa, mpweya umene uthandiza kuti mwalawo ukhale wosungunuka uthawa. Basi mwala utuluka, umata pansi pa ketulo. Mandimu ausungunulanso."

Twaambo anakumbukira ketulo ya amayi ake. Kwawo ankatunga pachitsime cha m'dambo. Anatembenukira kumbuyo.

"Purity, madzi mutunga kuti?" ananong'ona.

Purity anamuyang'ana kanthawi. "Pamjigo watsopano. Wayamba liti kukamba na ine?"

Kunyumba Twaambo atawafotokozera, Ba Rosaria anangoseka. "Mwala m'madzi? Izo nizakusukulu, mwana wanga."

"Amayi, nipaseni chabe Loweruka. Muzaona mweka."

Loweruka m'mawa anapita onse awiri kumjigo. Ba Rosaria anapopa okha, n'kutsukanso okha kapoto kakale mpaka kuwala. Twaambo anasonkha moto pansi pa mtengo wa mango. Madzi akaphwera ankawonjezera ena, akaphwera ankawonjezeranso. Nthunzi inkakwera m'masamba, nkhuku zikugona m'fumbi. Dzuwa litapendeka, pansi pa kapoto panali patayera.

Ba Rosaria anapitisa chala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Twaambo anatenga ketulo ija, nafinyiramo mandimu atatu. Tithovu ting'onoting'ono tinayamba kutuluka, tikulira chapansipansi, ndipo zoyera zija zinafewa n'kuyamba kumatuka.

"Mayo ine," anatero Ba Rosaria. "Nakamba kwa anthu onse aja."

Anamanga chitenje bwinobwino n'kulowa m'kanjira ka m'chimanga, Twaambo ali m'mbuyo. Anapeza Ba Clotilda akusankha nyemba pakhonde. Ba Rosaria anagwada pansi pa masitepe.

"Amake Purity, ninakulakwirani. Munalibe mankhwala m'ketulo muja. Unali mwala wa m'madzi."

Ba Clotilda sanakweze mutu msanga. Anamaliza nyemba zimene zinali m'manja, kenako anakankha kampando ndi phazi.

"Nkhalani apa, amake Twaambo, pansi pali fumbi. Ine namvera. Koma zimene munakamba kutchalitchi, mukazibweze kutchalitchi komweko."

Mawa lake mapemphero atatha, azimayi a kwaya akupinda nsalu zawo, Ba Rosaria anaimirira kutsogolo kwawo. Twaambo anali pakhomo, ndipo anamva amayi ake akukonza pakhosi kawiri.

"Azimayi anzanga, musapite," anatero. "Nili na mawu."