Kachikwama pa Foni ya Amayi

Pakhomo pawo panali pamtendere. Bambo ankayendetsa basi, amayi anali telala wosokera pakhonde, ndipo kutchalitchi amayiwa anali msungichuma wa kwaya. Anthu ankawakhulupirira moti palibe ankawafunsa lisiti. Vuto linali mwana wawo womaliza, mnyamata amene aliyense ankamutcha Mawamawa, chifukwa ukamutuma chilichonse yankho lake linali lakuti achita mawa. Atamaliza sukulu, ntchito yake inali kutenthetsa mpando wa pabalaza.

Tsiku lina anamva kuti pa intaneti pali masamba amene amapatsa anthu timakobiri ta kiripito, ndalama za pa intaneti, akaonera zotsatsa malonda. Anathamangira kwa mchemwali wake, yemwe ankagwira ntchito mushopu yokonza mafoni. Aka kanali koyamba chaka chimenecho kuti anthu amuone akuthamanga.

"Timakobirito n'tochepa kwambiri," anatero mchemwaliyo, "koma ndikutsegulira kachikwama ka pa intaneti kotoleramo. Utchere khutu."

Anamutsegulira imelo yatsopano ya ntchito imeneyi yokha. Anamuuza kuti asankhe pasiwedi, mawu achinsinsi olowera, yomwe sanaigwiritsepo ntchito kwina kulikonse, kenako anakonza kuti polowa m'kachikwamako pazibwera kaye nambala yotsimikizira pafoni yake.

"Pulogalamu iliyonse uzitenga kumalo ovomerezeka. Ina ikapempha kuti iziwerenga mauthenga ako, uikane. Ndipo zimenezi uzichitira pafoni yako yokha. Ya amayi usaikhudze, muli ndalama za anthu."

"Ndamva, achemwali."

Bambo ake atamva nkhaniyi anapukusa mutu. "Mwanawe, ine ndalama yobwera munthu ali chigonere ndimaiopa. Bwanji ukathandize kutsuka mabasi kuntchito kwathu?"

"Ndipita mawa, bambo."

Poyamba anatsatira zonse zimene anauzidwa, ndipo kachikwamako kanali kotetezeka. Koma timakobirito tinkabwera ngati madontho a pampopi yowonongeka, ndipo chala chake chinayamba kutopa ndi kudina. Ali kometetsa tsitsi anakumana ndi mnzake wakusukulu wotchedwa Dolo, amene ankadziwa chilichonse kupatula ntchito.

"Aise, ukudinabe ndi chala?" anaseka Dolo. "Ine ndili ndi pulogalamu yodina yokha ine ndili mtulo. Ndikutumizira pompano. Koma foni imodzi n'zamasewera, uike pa ziwiri kuti zizibwera zambiri."

"Achemwali anandiletsa."

"Achemwali akowo ali ndi galimoto?"

Mawamawa atafika kunyumba anapeza amayi ake akuyeza kasitomala pakhonde, foni yawo ili patebulo. Kutsegula kwake ankakudziwa, chifukwa amayiwo ankamutuma kuti awawerengere timalemba tating'ono magalasi akakhala patali. Anaikamo pulogalamu ija monga anachitira pafoni yake, ndipo inapempha chilolezo chowerenga mauthenga. Anakumbukira mawu a mchemwali wake, koma anavomera basi. Anabweza foni pamalo pake.

Sabata yotsatira kwaya inagwirizana zogula nsalu za yunifomu. Amayi anapita kusitolo limodzi ndi wapampando wa kwaya, anasankha nsalu, wogulitsa anadula. Potulutsa foni kuti alipire, anapeza kuti mulibe kalikonse. Anayesanso, wapampando akuwayang'ana.

Mchemwali uja atatenga foniyo sanachedwe kupeza chifukwa. Pulogalamu ija inali ya akuba. Inkaona zimene amayi ankalemba polowa mu akaunti, n'kumawerenganso nambala zotsimikizira zikafika. Timakobiri ta Mawamawa nato tinali titapita, ndipo Dolo atafunsidwa anati sankadziwa amene anapanga pulogalamuyo, chifukwa nayenso anangotumiziridwa.

"Musauze munthu," anatero amayi motsitsa mawu. "Ndine ndinasunga ndalamazo, ndikayankha ndine."

Kwaya itakumana, Mawamawa anatsatira amayi ake chapatali n'kuima panja pafupi ndi zenera. Amayi ake anaimirira kutsogolo n'kunena kuti ndalama zatayika zili m'manja mwawo, ndipo adzabweza.

"Zatayika bwanji?" anafunsa mayi wina. "Foni ili ndi chibowo?"

Ena anaseka. Wina kumbuyo ananong'ona mokweza kuti masiku ano ngakhale oyimba bwino ali ndi zala zazitali. Amayi anangoweramitsa mutu. Mnyamatayo anali asanawaonepo akuchita manyazi chotero, ndipo zinamupweteka kwambiri. Anatsegula chitseko n'kulowa.

"Amayi sanabe," anatero. "Ndine ndinatenga foni yawo mobisa. Ndimafuna ndalama popanda kugwira ntchito. Anandichenjeza koma sindinamve. Ndikhululukireni."

Wapampando anapemphera, ndipo mayi uja wa funso lija anapepesa. Komabe kwaya inasankha msungichuma wina, ndipo makolo ake anabweza ndalamazo movutika kwa miyezi yambiri. Mawamawa anayamba maganyu kuti athandizeko. Mchemwali wake anamutsegulira kachikwama kena, koma tsopano sankakhalanso nako ndi chidwi kwenikweni.

Achinyamata, imvani. Ngati mukutsegula kachikwama ka pa intaneti, chitani monga mwalangizidwira, pafoni yanu, ndipo musalole pulogalamu yosadziwika kuwerenga mauthenga anu. Koma koposa izi, thawani ulesi, chifukwa umayamba ndi kukana ntchito, kenako umakutengetsani chinthu cha mwini mobisa, ndipo amene amavutika nawo ndi anthu amene amakukondani.

Amayi ake anamukhululukira ndi mtima wonse. Ankamusekerera, ankamupemphererabe, ndipo sanaitchulenso nkhaniyo. Koma mpaka lero, mwana wawoyo akalowa pabalaza, dzanja lawo limapita lokha patebulo, n'kutenga foni, n'kuiika m'thumba. Iwo sadziwa n'komwe kuti amachita zimenezi, koma iye amaona nthawi zonse.