Mawu a M'kafoni ka Sopo

A Mabatani anapeza loko ali pansi, wodulidwa pakati. Linali Lachiwiri m'mawa. Chitseko cha ofesi chinali yasa.

Makompyuta anali atapita. Mafoni atsopano oyeserapo masewera anali atapitanso. Koma iwo sanaime n'komwe kuti aone zimenezo. Analunjika pa tebulo la pakona n'kukoka dirowa. Munalibe kanthu. Anangokhala pansi pasimenti.

Mwana wawo wamkazi anawapeza ali pomwepo. M'manja anali ndi kachingwe kamene kanafika dzulo lake kuchokera kunja.

"Bambo, atenganso kafoni ka amayi?"

Anangogwedeza mutu.

Dzina la Mabatani analitenga kalekale, pamene iwo ndi malemu akazi awo anapanga kafoni ka masewera kotchedwa Mwanapiye. Sewero lake linali la kamwanapiye kothawa kabawi. Ana analikonda, koma kafoniko kanali konenepa, kamabatani ambirimbiri, ndipo batire lake linkatentha m'thumba. Anthu anakapatsa dzina loti Sopo. Anakaseka mpaka kampani inagwa chagada.

Kampani itagwa, mayi aja anadwala. Ali m'chipatala ankaseweretsa kafoni kawo koyesera, ndipo tsiku lina anajambuliramo mawu awo. Kamwanapiye kakagwa, m'malo mwa belu mumamveka kuseka kwawo, kenako: "Iwe, dzuka! Sizinathe." Mawuwo sanali kwina kulikonse padziko lapansi. Anali m'kafoni kameneko basi.

Tsopano mwana wawoyo, amene anatengera mutu wa mayi ake, ankadzutsa Mwanapiye kuti azisewereka pa mafoni amakono. Kachingwe kaja kanali kokopera mawuwo. Anayenera kuwakopera m'mawa womwewo.

Kunabwera sajeni wa polisi wachizimayi, wosalankhulitsa. Anayang'ana loko, n'kuyang'ana mawindo.

"Odula apa amadziwa chitsulo. Wafika kuno ndani posachedwapa?"

"Wowotcherera zitsulo za m'mawindomu, sabata yatha," anatero mwana uja. "Ataona kafoniko anasangalala ngati waona m'bale wake. Akuti ali mwana anali nako."

Anapita kumene wowotcherera uja ankagwirira ntchito. Anzake anati sanaoneke chiyambire m'mawa. Kunyumba kwake kunali kotseka.

"Makompyuta mwina tiwapeza," anatero sajeni. "Koma pa kafoniko musaikepo mtima, bambo. Katundu wakuba amathera kumsika wa mafoni, ndipo kumeneko chinthu choyamba n'kufufuta zonse za m'kati."

Mawu oti kufufuta anawalasa a Mabatani. Akazi awo anawaika kale m'manda. Sanafune kuwataya kachiwiri.

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kafoni kena, kofanana ndendende ndi kobedwako.

"Aka ndi kanga. Toyesera tinatipanga tiwiri, kanga ndi ka amake mwanayu. Tonse tikayaka, tikayandikana, timaitanana kuti anthu apikisane. Timamvana patali ngati apa ndi kuseli kwa msewu uko."

"Nanga ngati sanakayatse?"

"Munthu amene anakulira Mwanapiye? Akayatsa, mayi. Chala chimuyabwa. Koma tifulumire. Batire silifika madzulo, ndipo chaja chake chili ndi ine."

Masana anali kumsika wa mafoni. Sajeni anavala zovala wamba. Timashopu tinali tothithikana, tamagalasi odzaza mafoni osweka, wailesi iliyonse ikuimba zake. A Mabatani ankayenda pang'onopang'ono, kafoni kali m'dzanja. Anyamata ogulitsa anakazindikira.

"Madala, sopoyo mukukasambira kuti?"

Iwo anangopitirira. Anamaliza mzere woyamba. Zii. Wachiwiri, zii. Dzuwa linapendeka, ena anayamba kulongedza. Mwana wawo anawagwira pamkono.

"Bambo, mwatopa. Ngakhale titapanda kuwapeza, ine mawu a amayi ndimawakumbukira."

"Iwe umawakumbukira. Ine ndayamba kuwaiwala, mwanawe. Nkhope ndimaiona, koma kuseka kuja kumandithawa."

Mwanayo anayang'ana kumbali n'kupukuta m'maso.

Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi okonza machaja, kafoni kananjenjemera. Pagalasi panatuluka mawu amene a Mabatani anali asanawaone chimwalirireni akazi awo: Mnzako akukuitana.

Anakhala pa benchi ya eni ake osapempha.

"Ali pafupi," ananong'ona. "Koma timashopu n'tambiri. Mvetserani mawu a mzimayi akuseka. Akagwa iyeyo, mawuwo amveka."

"Ndiye mumugwetse," anatero sajeni, n'kuyamba kuyenda.

Apa panali vuto. A Mabatani anapanga seweroli ndi manja awo, koma kusewera ankalephera zomvetsa chisoni. Akazi awo ankawagonjetsa uku akusenda malalanje. Mpikisano woyamba anagwa ndi iwo. Wachiwiri anagwanso. Wakubayo anali katswiri, kamwanapiye kake kankangouluka.

"Ndipatseni, bambo."

"Ayi. Ameneyu ndi wanga."

Anakumbukira mmene mayi aja ankawapusitsira. Pamlatho, munthu akatsalira dala, kabawi amalumpha wotsalirayo n'kugwira amene ali patsogolo. Linali vuto la m'seweromo limene sanalikonze, chifukwa linkawaseketsa akazi awo. Mpikisano wachitatu, atafika pamlatho, anachotsa chala pabatani.

Kabawi anatsika.

Kuseli kwa katani yobiriwira, timashopu tiwiri kuchokera pa benchi, mzimayi anaseka. "Iwe, dzuka! Sizinathe."

A Mabatani anatseka maso. Misozi inangoyenderera yokha.

Sajeni anakoka katani ija. Wowotcherera zitsulo anali atakhala pa chigubu, makompyuta ali m'thumba pamapazi pake, akudikira mwini shopu amene anapita kukaitana wogula. Anayesa kudumphira kumbuyo, koma wapolisi wina anali atatseka kale njira. Unyolo unalira.

"Kafoniko pansi. Pang'onopang'ono."

Anakaika pansi ndi manja awiri. Ataona a Mabatani, anagwetsa nkhope.

"Pepani, bambo. Anandiuza kuti ndikafufute, koma ndinati ndiyambe ndawoloka mlatho. Ndili mwana sindinauwolokepo."

"Unandiboolera ofesi, mphwanga," anatero a Mabatani. "Zimenezo ukayankha. Koma poti sunafufute, zikomo."

Batire linali litafiira. Sajeni anatulutsa thumba lapulasitiki.

"Aka ndi umboni. Kakhala kupolisi mpaka mlandu utatha."

Mwana uja anakweza kachingwe kaja. Sajeni anayang'ana kachingweko, n'kuyang'ana bambo wonyowa masaya uja.

"Ndikufuna ndiyambe ndalemba za makompyutawa," anatero. "Ndimalemba mochedwa, ine."

Mwana uja analumikiza chaja pashopu pomwepo. Pamene sajeni ankamaliza, mawu aja anali atasungidwa malo atatu.

Khoti linagamula kuti wowotcherera uja akakhale kundende zaka zitatu. Mwini shopu naye anamangidwa chifukwa cholandira katundu wakuba.

Mwanapiye anatulukanso chaka chomwecho, pa mafoni wamba. Sanalemeretse munthu, koma sanasekedwenso. M'mabasi ndi pamizere ya kuchipatala, anthu osawadziwa n'komwe mayi aja anayamba kudzudzulidwa nawo mwachikondi.

Tsiku lina masana mwana uja anapeza bambo ake pa tebulo la pakona, magalasi ali pamphuno, akusewera. Anaima kumbuyo kwawo n'kumaonerera. Kamwanapiye kanathamanga pang'ono, n'kugwera m'dzenje loyamba lenilenilo, limene ngakhale khanda lingalidumphe. Anayambanso. Kanagweranso momwemo.

"Bambo, mpaka lero simunaphunzire? Dinani apa, kadumphe."

"Ndikudziwa podina," anatero a Mabatani, osacheuka. "Tangokhala chete. Amako akulankhula."