Phulusa la pa Ngodya Yachitatu

Nkhaniyi ili ndi mboni, ndipo mbonizo zikadali moyo. Doreen Msiska akugwirabe ntchito ya unamwino pa chipatala china ku Birmingham, mayi wosadziwa kuthira mchere nkhani, ngakhale ya ukwati wake womwe. Ishmael, mkulu wa imvi amene wakulira mu timu ya baseball ya m'nkhaniyi, aliko ku Tipton, kufupi ndi komweko. Mukamufunsa amayamba wayang'ana pansi, kenako n'kukuuzani zomwezo zimene anganene Doreen. Palibe mwa awiriwa amene amapindula kanthu poifotokoza.

Doreen ndi mwamuna wake Gomezgani ankachita lendi kanyumba kena ku Tipton. Kumbuyo kwake kunali kadimba kochepa ngati mphasa ziwiri, ndipo kuseri kwa mpanda kunali ngalande ya madzi akuda osayenda. Mwana wawo Mwai anamusiya ku Kasungu kwa mchemwali wake wa Doreen. Gomezgani ankasamalira okalamba m'makomo mwawo. Bambo ake atamwalira ku Rumphi sanathe kupita. Maliro anaonera pa foni, ali m'galimoto panja pa nyumba ya wodwala. Dothi litathiridwa anazimitsa foniyo n'kulowa kukasambitsa nkhalamba ya eni. Sanalire tsikulo, sanalirenso pambuyo pake. Anangozizira. Doreen naye, ndi ntchito yake ya usiku, analibe mphamvu zomufunsa, choncho ankakhala m'nyumbamo ngati anthu awiri odikira basi imodzi.

Nkhalamba imene anakaisambitsa tsikulo inali bambo Dixon, manijala wa katimu ka baseball kotchedwa Lockmen. Masewerawa Doreen ankawatcha raundasi ya azibambo a ndevu. Wina aponya kampira kolimba, wina akamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi. Manijala amaima pafupi ndi ngodya yachitatu n'kumalamula ndi manja okha, kugwira chipewa, mphuno, chifuwa, kuti uyu athamange, uyu adikire, a timu inayo osatolapo kanthu. Bambo Dixon anali atachita sitiroko, manja onse n'kufa, koma Loweruka likafika ankavuta mpaka Gomezgani awakankhe pa njinga yawo ya olumala kupita ku bwalo. Pang'ono ndi pang'ono Gomezgani anayamba kusalaza dothi, kunyamula zibonga, kutola mipira. Ili pafupi kutsirizika, nkhalambayo inati timu isiyidwe m'manja mwa Mmalawiyo.

Palibe anatsutsa. Timu yake yongoluza, udindo wake wopanda ndi tiyi yemwe, ndani akanaulimbirana? Malamulo Gomezgani ankawadziwa mwa apo ndi apo, ndipo zizindikiro za manja zija sanaphunzitsidwe n'chimodzi chomwe, poti mphunzitsi manja anali atafa. Doreen anavomera chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene chinkamudzutsa mwamuna wake pa mpando. Ankangofuna munthu wake abwerere mwakale, zina zonse analibe nazo ntchito.

Bambo Dixon anamwalira chisanu chikutha. Masewera a chaka chimenecho asanayambe, a timu anapangana zokumana ku bwalo kuti akatsanzikane nawo, kukhalenso kuwotcha nyama. Gomezgani anali ku ntchito, sanapite. M'mawa mwake analawirira ku bwaloko ndi reki. Pa ngodya yachitatu anapeza phulusa lotuwa litamwazidwa, mbaula yowotchera nyama ili chapomwepo. Anang'ung'udza za anthu osadziwa kusamala malo, kenako anakumbukira nkhono zimene zinamaliza nkhwani wa Doreen chaka chathacho. Kwawo phulusa sataya. Analisesa lonse bwinobwino n'kuliwolera m'thumba la mpunga. Ishmael atafika anapeza pamalopo pali mbee. Anamugwira paphewa n'kumuthokoza kuti ntchito ya manijala waigwira mwaulemu. Gomezgani ankayesa akumuyamikira ukhondo. Paja safunsa anadya phula.

Phulusalo analithira m'mapando a maungu. Anamera ngati akuthamangitsidwa, masamba akuluakulu obiriwira moderako, nkhono osayandikira n'komwe. Doreen ankathyola, kusadzula, kutendera, kugawirako amayi a ku tchalitchi amene ankachita kumunyengerera. Anadya miyezi yonse yotentha.

Choyamba chinali fungo. Doreen akaweruka m'mawa, m'khitchini munkamveka fodya wa kaliwo, wonunkhira motsekemera, wosakanikirana ndi mankhwala opaka m'mawondo. M'nyumbamo munalibe wosuta. Galu wa oyandikana nawo, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, anasiya kufika kumpanda. Ankaima pakhomo pa mbuyake, mchira pansi.

Mu June kumeneko kumacha anthu ali mtulo. Tsiku lina Doreen anaweruka msanga, n'kupeza chitseko cha kumbuyo chili pululu. Gomezgani anali ataima pakati pa maungu, wopanda nsapato, nkhope kungalande. Dzanja lamanja linakwera. Linagwira chipewa chimene sanavale. Mphuno. Chifuwa. Lamba. Zala ziwiri zakumapeto zinali zopindira mkati, ngati palibe. Kutsidya kunalibe munthu. Njiwa zinali chete. Madzi anali chete. Kenako kunamveka likhweru, lakuthwa, lapafupi. Milomo ya Gomezgani inali yotseka.

"Bambo a Mwai," anatero Doreen chapansipansi. "Mukutani?"

Anatembenuka mochedwa.

"Ndikuchecka ma slugs, nkhono zija."

"Opanda nsapato?"

Gomezgani anayang'ana mapazi akewo ngati a munthu wina.

Doreen anamutenthetsera madzi osamba, n'kukagona. Mantha analipo, koma ankawamvera patali, ngati wailesi ya nyumba ina. Munthu amene usiku wonse watembenuza odwala n'kutseka maso a womwalira satsala ndi malo oika mantha atsopano.

Timu inayamba kuwina. Anyamata amene ankathamanga ngati anyamula matumba a simenti anayamba kufika pa ngodya nthawi yake. Gomezgani ankabwera kunyumba wosasangalala, wosakhumudwa, n'kukhala pa mpando woyang'ana kudimba. Chichewa chinayamba kumuchepera mkamwa. Mwai akaimba foni, bambo ake ankamuyankha m'Chingerezi cha ku Tipton chenicheni, chomeza mawu, chimene Doreen yemwe amachimva movutikira kwa odwala okalamba. Tsiku lina mwanayo anapempha kuti foni ibwerere kwa mayi ake, akuti adadi sakuwamva. Apa ndi pamene Doreen chinamupweteka. Anaona kuti munthu amene ankamudikira kuti abwerere akupitirira kupita.

Loweruka lotsatira anapita nawo ku bwalo, atanyamula mpunga ndi nkhwani wotendera woti anthu adye. Anakhala pa benchi pafupi ndi mayi Janet, mkazi wamasiye wa bambo Dixon, mayi wamng'ono thupi wovala juzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mayiwo anadziwomolera ndiwo, n'kuyamba kufotokoza za amanijala a timuyo ngati akutchula azibale awo.

Woyamba, anati, anali kapitawo pa fakitale yosungunula zitsulo, ndipo makina anamudula zala ziwiri. Zizindikiro zonse anazipanga ndi iyeyo, ndi zala zitatu zotsalazo. Atamwalira analowa mlamu wake, chidakwa chogona pa benchi masewera ali mkati, koma anthu ankamukonda poti sankakalipira munthu. Wachitatu anali bambo ake a Ishmael, woyendetsa basi wochokera ku Jamaica, yekhayo amene anabweretsapo chikho. Kenako Dixon wawo, amene anakhalitsa kuposa onsewo, osawina kanthu, osajomba Loweruka ndi limodzi lomwe. Zizindikirozo sizinalembedwe paliponse. Manijala ankaonetsa womulowa m'malo, awiriwiri, ndipo aliyense ankapinda zala ziwiri potsanzira kapitawo uja. Manja a amuna awo atafa, mayi Janet ankati basi, zathera pomwepo.

Ishmael anabwera kudzamwa madzi n'kumva nkhaniyo. Anauza Doreen kuti tsiku loyamba kuona Gomezgani akupinda zala zija, mpira unamugwa m'manja. Anafunsa anzake onse, palibe anavomera kuti anamuphunzitsa. Ananena zimenezi osaseka, n'kubwerera m'bwalo.

"Onse anayi ali pomwepo," anatero mayi Janet, akuloza ndi supuni pamene Gomezgani anaima. "Timawawotcha, phulusa n'kulimwaza pamene ankaima. Watsopano amabwera m'mawa mwake kudzasalaza kuti lilowe m'dothi. Amuna anu anachita bwino, sanasiye ndi kachidutswa komwe."

Kenako anayamikira ndiwozo, n'kufunsa kuti masamba okoma chonchi amawagula kuti.

Doreen anali ndi chakudya mkamwa. Anatafuna. Anameza. Anaika mbale pansi bwinobwino kuti isatayike.

Pobwerera, galimoto itaima pa maloboti, anafunsa.

"Phulusa lija la mu garden, munalitenga kuti?"

"Ku ground."

"Mukudziwa kuti ndi ndani?"

"Ndikudziwa."

"Anakuuzani ndani?"

Indiketa inkangoti the, the, the. Fungo la kaliwo linadzaza m'galimoto, mawindo ali otseka.

"Sakudandaula," anatero Gomezgani, maso ali pamsewu. "Akuti ndi pabwino, kungoti ground yatalikira."

Doreen anakawauza yekha mayi Janet m'mawa mwake, asanapite ku tchalitchi. Ankayembekeza kutukwanidwa, mwinanso apolisi, ndipo akanazilandira. Mayiwo anasalaza juzi pamawondo. Pomaliza anangoti iwo ndi amuna awo sanakhalepo ndi dimba.

Madzulo a tsiku lomwelo Doreen ndi Ishmael anazula maungu onse n'kukumba dothi. Munali tizidutswa toyera, tolimba, timene Doreen akanatizindikira kalekale akanayang'anitsitsa. Anawolera ndi manja mpaka m'mphepete mwa mpanda, kuopa kusiya munthu wa eni m'nyumba ya lendi. Gomezgani ankaonerera pawindo. Sanathandize, sanaletse.

Anafika ku bwalo dzuwa likupendeka, atatengana ndi Gomezgani ndi mayi Janet. Kunalibe wina aliyense, anayi okhawo. Anakhuthula zidebe pa ngodya yachitatu. Ishmael anavula chipewa. Doreen ndi mayi wa Mvano, koma anagwada n'kuyankhula ndi womwalirayo monga amachitira kwawo, m'Chichewa, poti Chingerezi cha zoterezi sankachidziwa.

"Bambo Dixon, takubwezani pamalo panu. Tinalakwa mosadziwa. Mutisiyire wathuyu, ali ndi mwana."

Gomezgani anatenga reki n'kusalaza dothilo, pang'onopang'ono, mpaka latsopano ndi lakale zinafanana. Atamaliza anaima pomwepo, atawafulatira. Sitima inadutsa patali. Phokoso lake linatha. Mphepo kunalibe. Fungo lija kunalibenso, ndipo mtima wa Doreen unayamba kugunda ngati wa munthu wamoyo, koyamba m'miyezi yambiri. Anayembekeza.

"Bambo a Mwai, tiyeni."

Sanatembenuke.

"A Gome."

Ngakhale phewa silinagwedezeke.

Mayi Janet sankayang'ana Gomezgani. Ankayang'ana dothi. Anatsanzika amuna awo ndi mawu apansipansi, n'kuwatchula dzina lina, la m'nyumba, limene Ishmael akuti sanalimvepo zaka zonse zimene wawadziwa. Doreen analimva bwinobwino, koma mpaka lero salitchula. Mayiwo anawonjeza kuti kwayamba kuzizira, iwo akupita.

Gomezgani anatembenuka.

"Ndikubwera," anatero.

Mayi Janet anagwira pakamwa. Ishmael anabwerera m'mbuyo. Doreen anayang'ana m'zidebe zija, zinali zopanda kanthu. Dothi anali atabweza lonse. Nkhwani ndiye anali atadya.

Gomezgani anatsamiritsa reki pa benchi, napukuta manja pa buluku. Anapita kwa mayi Janet n'kupinda mkono, mayiwo n'kulowetsamo dzanja lawo osayang'ana, monga munthu amene wachita zimenezo moyo wake wonse. Anayenda pang'onopang'ono kulowera ku geti. Doreen anatola zidebe n'kuwatsatira pambuyo.